Mutu 5: Fayilo Yobiriwira ya Phee

1. Nambawani wasanduka Nambatuu

Kuyambira Sitandade 5 mpaka Folomu 2 panalibe mwana amene anamuposapo mtsikana ameneyu m'kalasi. Dzina lake lenileni linachita kuiwalika. Anzake, aphunzitsi, ngakhale mayi wogulitsa nthochi pageti pa sukulu, onse ankangomutcha Nambawani.

Dzinalo ankalikonda. Desiki yake inali yakutsogolo, pafupi ndi zenera, ndipo funso likavuta kalasi yonse inkatembenukira kwa iye.

Zinthu zinasokonekera m'teremu yachiwiri ya Folomu 3, kutabwera mtsikana wachilendo. Anali wamtali, wa tsitsi lometa, ndipo yunifolomu yake inkamukulira ngati yobwereka. Ankakhala ndi azakhali ake kuseri kwa msika. Sankacheza ndi munthu. Nthawi ya buleki anzake akamathamangira panja, iye ankatsala m'kalasi mutu uli m'buku. Sabata isanathe anyamata a kumbuyo anamupatsa dzina loti Phee.

Lolemba lina aphunzitsi a masamu, omwenso ankayang'anira kalasiyo, analowa ndi zotsatira za mayeso a pakati pa teremu. Mwa chizolowezi chawo anayambira kumunsi. Nambawani sanavutike n'kumvetsera. Ankangosongola pensulo yake podikira dzina lomaliza.

"Wachiwiri," anatero aphunzitsi, akuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, "ndi Nambawani."

Pensulo inathyoka.

"Woyamba ndi mnzathu watsopanoyu. Masamu wakhoza onse, osaphonya ndi funso limodzi lomwe. Tiyeni m'manja!"

Kalasi inaomba m'manja mwamphamvu. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Nambawani wasanduka Nambatuu!" ndipo onse anafa ndi phwete.

Sizinathere pomwepo. Pa sukuluyo kiyi wa laibulale ankasungidwa ndi wophunzira wa Folomu 3 amene watsogola pa mayeso amenewa, ndipo yemweyo ndiye ankatsogolera gulu lopita ku mpikisano wa mafunso. Nambawani anali atagula kale chingwe chofiira choti adzamangirire kiyiyo. M'mawa mwake pa asembule anaona ndi maso ake ahedi akumupereka m'manja mwa Phee.

Mnzake wokhala naye desiki imodzi anamugunda ndi chigongono. Ameneyu ankatchedwa Wailesi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwake sinkagona.

"Amwali, kani mpando uja munkangomusungira mwiniwake?"

"Ndisiye," anayankha Nambawani.

2. Ku khoti la ana

Lachitatu Nambawani anaiwala kiyi wa kunyumba, choncho ataweruka anadzera kuntchito kwa amayi ake. Amayiwo anali kalaliki ku khoti la ana.

Khotilo linali kuseri kwa maofesi a boma. M'kati munali khonde lalitali ndi mabenchi awiri, pomwe ana ankakhala ndi makolo awo kudikira kuitanidwa. Ena ankaluma zikhadabo, ena ankangoyang'ana pansi.

Nambawani anakhala pa mpando wa pafupi ndi kabati mu ofesi ya amayi ake, kudikira kuti amalize kutayipa kalata. Chitseko chinali chotsekula pang'ono. Kutsidya kwa khonde chitseko china chinatsekuka, ndipo munatuluka bambo wa jekete yotuwa. Ameneyu anali mlangizi woyang'anira ana amene khoti lawabwezera kwa abale awo. Pambuyo pake panali mayi wa mpango kumutu. Wachitatu anali Phee, yunifolomu ikadali m'thupi.

"Pitiriza choncho, mwana wanga," mlangizi ankamuuza. "Tionanenso mwezi wamawa."

Phee sanayang'ane mu ofesi. Anatuluka ndi azakhali akewo.

Mlangizi analowa n'kuika fayilo yobiriwira pa tebulo. "Akalaliki, iyi mundilowetsere m'kabati. Aa, koma mwana wanuyu wakulatu!" Anamwetulira n'kutuluka. Amayi asanaigwire fayiloyo, belu la oweruza linalira, ndipo ananyamula kope lawo n'kuthamangira m'kati.

Mu ofesi munatsala Nambawani ndi fayilo.

Anayang'ana kuchitseko. Anaimirira, n'kukhalanso. Kenako anaimiriranso n'kuitsegula ndi nsonga ya chala.

Pa tsamba loyamba panali chithunzi cha Phee ali wamng'ono, maso ali otupa. Pansi pake panalembedwa kuti anagwidwa ali ndi zaka khumi ndi zitatu, m'chikwama mwake muli mafoni asanu obedwa m'mabasi. Amene ankamutuma anali mwamuna wina wokonza mafoni pa depoti, yemwe anathawa osagwidwa. Makolo ake onse anamwalira. Khoti linamutumiza ku sukulu yowongolera khalidwe, kumene anakhala chaka ndi theka. Tsopano anali m'manja mwa azakhali ake, koma anapatsidwa malamulo awiri: asajombe kusukulu popanda chifukwa, ndipo asagone kwina kulikonse. Akaphwanya, adzabwezedwa komwe anachokera.

Nsapato za amayi zinamveka pakhonde. Nambawani anatseka fayilo msangamsanga n'kubwerera pampando. Koma anaiika mozondoka.

3. Chenjezo la amayi

Amayi anayang'ana fayilo, kenako anayang'ana mwana wawo. Anatseka chitseko n'kukoka mpando kukhala moyang'anizana naye.

"Wawerenga?"

"Ayi, amayi."

"Usawonjezere bodza pamwamba pa kulakwa. Wawerenga?"

"Pang'ono pokha."

Amayi anapumira m'mwamba.

"Tamvera bwino, chifukwa sindibwereza. Ndagwira ntchito muno zaka khumi ndi ziwiri. Ana amene ndawaona akudutsa pakhonde apo ndi ochuluka kuposa a sukulu yanu yonse. Ambiri mwa iwo si oipa. Wina anaba chifukwa cha njala, wina anatumidwa ndi wamkulu, wina anangotsatira gulu. Ukuganiza n'chifukwa chiyani muno timazenga milandu chitseko chili chotseka? N'chifukwa chiyani atolankhani salowa, ndipo dzina la mwana silitchulidwa kunja? Kuwongola mtengo n'poyamba, mwanawe. Mwana akalakwa timafuna akonzeke, abwerere kwa anzake ngati mwana, osati ngati mkaidi.

"Koma ndikuuze chimene chimawononga ntchito yathu. Ndi pakamwa pa anthu. Panali mnyamata wina amene anatuluka ku sukulu yowongolera khalidwe atadziwa bwino ukalipentala. Anapeza ntchito pa shopu ina yokhoma mipando. Tsiku lina munthu wina anamuzindikira n'kunong'oneza mwini shopu. Kuyambira pamenepo msomali ukasowa, maso onse kwa iye. Anamuchotsa. Atapita pena, anapeza nkhani itafika kale. Pomaliza anati, ngati nonse mukuti ndine mbava, ndikhale mbava basi. Lero ali kundende ya akuluakulu. Amene anamukankhira kumeneko sanamumenye, sanamubere kanthu. Anangoyankhula.

"Zimene waona m'fayilo umu si zako, ndipo si zanga. Lamulo limaletsa kuziulula. Zikatuluka, woyamba kufunsidwa ndine, ndipo ntchito imene ikutidyetsayi ikhoza kutha tsiku lomwelo. Koma ntchito n'chiyani poyerekeza ndi moyo wa mwana uja? Madzi akatayika saoleka. Ndilonjeze."

"Ndalonjeza, amayi."

Amayi anaika fayilo m'kabati n'kukhoma. Nkhope yawo inafewa.

"Paja ali m'kalasi mwanu eti? Alangizi akuti ndi wanzeru kwabasi. Uzicheza naye, mwina akuthandizeko masamu."

Nambawani anatenga kiyi wa kunyumba n'kutuluka osatsanzika.

4. Pa mpopi

Lachinayi anasunga lonjezo, ngakhale silinali tsiku lophweka. Anaona ana a Folomu 1 ataima pamzere pakhomo la laibulale, aliyense akuti "achemwali, achemwali" kwa Phee. M'kalasi samu ina inamukanika pabolodi, ndipo aphunzitsi anatenga choko m'manja mwake n'kupatsa Phee. Phee anaimaliza m'mizere inayi.

Lachisanu m'mawa gulu la mpikisano linakumana mu ofesi ya ahedi. Aphunzitsi a masamu anabwera ndi buku lawo lalikulu la chikuto chakuda, limene chaka chonse chatha ankabwereka Nambawani yekha. Nambawani anatambasula dzanja. Buku linamudutsa n'kupita kwa Phee.

"Mwana uyu ndi chitsanzo," anatero ahedi, akuloza Phee. "Ena a inu munkakhoza chifukwa munalibe wopikisana naye. Tsopano tione."

Pa buleki Nambawani ndi Wailesi anapita kukamwa madzi pa mpopi wa kuseri kwa makalasi.

"Mwana uyu ndi chitsanzo!" Wailesi anatsanzira mawu a ahedi, mimba ataitulutsa kutsogolo. Anali atamva kale. "Koma ndiye wakulanda zonsetu. Kiyi, mpikisano, buku la aphunzitsi. Chatsala n'kukulanda amayi ako."

"Akanadziwa kumene anachokera, sakanamupatsa kiyi wa chipinda chilichonse."

Wailesi anasiya kumwa. Madzi ankangotayika pansi.

"Anachokera kuti?"

"Zisiye."

"Amwali, ine ndi iwe tinayamba liti kubisirana?"

Nambawani anatseka mpopi. Anatsala pang'ono kuchokapo. Koma atatembenuka anaona Phee ataima pakhomo la laibulale, buku lakuda lili m'khwapa, aphunzitsi a masamu akumuuza kanthu. Phee ankaseka. Aka kanali koyamba kuti munthu aone mano ake pa sukulupo.

"Ulumbire kuti suuza munthu."

"Ndikauza munthu ndife," anatero Wailesi, dzanja lili pachifuwa.

Nambawani anamuuza zonse: mafoni, mabasi, khoti, chaka ndi theka. Anangobisa kumene anazimva.

5. Chikwama cha Phee

Belu lothetsa buleki lisanalire, nkhani inali itafika ku Folomu 4. Pofika masana mafoni asanu anali atasanduka makumi awiri. Ena ankati Phee ankayenda ndi mpeni. Ena ankati anachita kuthawa kundende.

Piriyodi yomaliza aphunzitsi anachedwa kubwera. Pa desiki ya Phee wina anali atalemba ndi choko kuti FONI YANGA ILI KUTI. Atsikana oyandikana naye anachotsa zikwama zawo pansi n'kuziika pamiyendo. Phee anawerenga mawuwo, anawafufuta ndi dzanja, n'kutsegula kope lake.

Mwadzidzidzi monitala wa kalasi anaimirira akupapasa m'desiki mwake.

"Kakyuleta yanga! Inali muno m'mawa!"

Palibe amene anafunsa funso. Mitu yonse inatembenukira kumodzi.

"Mufufuzeni!"

"Chizolowezi sichitha!"

Anyamata awiri anatsomphola chikwama cha Phee n'kuchikhutulira pansi. Munagwa makope, rula yothyoka, chidutswa cha buledi chokulunga m'pepala, ndi buku lakuda la aphunzitsi. Anachigwedeza, anapisa m'matumba onse. Kakyuleta munalibe.

"Si iyo ili m'thumba la jekete yako?" mtsikana wina anauza monitala.

Monitala anapisa dzanja n'kuitulutsa. Ena anaseka. Palibe amene anapepesa.

Phee anagwada n'kutola zinthu zake chimodzichimodzi. Buledi anamupukuta fumbi n'kumukulunganso. Buku lakuda ndi kiyi wa laibulale anakaziika pa tebulo la aphunzitsi. Atafika pakhomo anatembenuka. Ambiri anali asanamvepo mawu ake.

"Ndimadziwa kuti tsiku lino lidzafika. Ndimangopempha kuti lichedweko mpaka tilembe mayeso."

Anatuluka.

Nambawani anali phee pa desiki yake. Mumtima mwake munadutsa kachimwemwe kakang'ono, ndipo anazyolika kuti wina asakaone pankhope.

Aphunzitsi a masamu atalowa anaona kiyi ndi buku patebulo. Anafunsa, ndipo monitala anafotokoza akuchita chibwibwi. Aphunzitsi anavula magalasi awo.

"Ndakhala ndikukuphunzitsani masamu, koma ndikuona kuti ndinasiya phunziro lalikulu. Inu mwaweruza munthu lero. Munamufunsa? Munaona umboni? Ngakhale oweruza amene anaphunzira malamulo amayamba amva mbali ziwiri. Inu mwamva mphekesera m'mawa, masana mwagamula.

"Kaya zimene mwamvazo n'zoona kaya n'zabodza, ine si ntchito yanga. Chimene ndikudziwa n'choti kuyambira pomwe anabwera sanachedwepo, sanatukwanepo, ndipo ku laibulale sikunasowe ngakhale tsamba limodzi. Munthu akagwa n'kudzuka yekha, amene amamugwetsanso ndiye woipa. Kuba si mafoni okha. Kutenga mbiri ya mnzako n'kuimwaza panjira n'kubanso, ndipo zobedwa zoterozo sungazibweze. Kumbukirani kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

"Zaka makumi awiri ndili pabolodi pano, sindinaphunzitsepo mwana wa mutu ngati uja. Mukamutaya, mwataya nonse."

Kenako anatenga kiyi n'kuyang'ana kutsogolo.

"Laibulale singakhale yotseka. Nambawani, ndiwe wachiwiri. Usunge mpaka mwiniwake abwere."

Nambawani analandira. Kiyi amene anamulakalaka kwa zaka ziwiri anali m'dzanja lake, koma m'makutu mwake munkangolira mawu awiri: wachiwiri, mwiniwake. Ngakhale Phee atachoka, aphunzitsi ankayankhulabe za iye.

6. Alendo a Loweruka

Loweruka m'mawa Nambawani ankachapa yunifolomu kuseri kwa nyumba pamene anamva kugogoda pageti. Amayi anakatsegula. Patapita kanthawi anamuitana, ndipo mawu awo sanali a masiku onse.

Pabalaza panakhala mlangizi wa jekete yotuwa uja. Pambali pake panali azakhali a Phee, mpango utapendekeka, maso ali ofiira.

"Sanabwere kunyumba," azakhaliwo ankafotokozera amayi. "Ndayenda kuchipatala, ndayenda kwa abale onse. M'mawa uno kondakitala wina wandiuza kuti anamuona dzulo ku depoti, atakhala pafupi ndi malo okonzera mafoni. Ku depoti, amayi! Komwe ndinamuchotsa ndi misozi! Mwana wa mchimwene wanga anali atasintha. Amadzuka m'mamawa kuwerenga. Ndani wandichita chonchi?"

Mlangizi anadikira kuti azakhaliwo atonthole.

"Akalaliki, mukudziwa mmene zilili. Wagona kunja, ndiye kuti waphwanya lamulo la khoti. Lolemba ndikuyenera kuwauza oweruza. Ndikakhala ndi umboni woti anachita kuthamangitsidwa ndi chipongwe, ndikhoza kumupemphera kuti asabwezedwe. Koma ndiyenera kudziwa kuti nkhaniyi inatuluka bwanji. Ahedi sankadziwa. Aphunzitsi sankadziwa. Tinkadziwa ndife atatu ndi oweruza." Anatembenukira kwa Nambawani. "Lachitatu lija ndinakupeza mu ofesi, mwana wanga. Sindikukuimba mlandu. Ndikungofunsa."

Amayi anayankha Nambawani asanatsegule pakamwa.

"Kulakwa n'kwanga, alangizi. Ndinasiya fayilo patebulo belu litalira, ndipo anaiona. Zimenezo ndikazinena ndekha kwa oweruza, zivute zitani. Koma ndinakhala naye pansi tsiku lomwelo, ndipo anandilonjeza." Anayang'ana mwana wawo m'maso. "Yankha pamaso pa anthuwa. Unauza munthu?"

Thovu la sopo linkauma m'manja mwa Nambawani. Azakhali a Phee ankamuyang'ana osaphethira.

"Ayi, amayi."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale mmodzi."

Amayi anapumira pansi, mapewa awo n'kutsika.

"Mwamva nokha. Mwana wangayu ali ndi zofooka zake, koma lonjezo amasunga."

Mlangizi anagwedeza mutu n'kutsegula kope lake.

"Chabwino. Ndiye inatulukira kwina. Dzulo madzulo ndinakumana ndi aphunzitsi a masamu. Iwo anafunsa ana asanu ndi mmodzi kuti anamva kwa yani, ndipo anayi anatchula munthu mmodzi, mtsikana amene amamutcha Wailesi. Sindingadikire mpaka Lolemba. Ola lililonse limene mwana uja ali ku depoti, munthu amene ankamutuma uja akhoza kumupeza. Vuto n'loti kwawo kwa Wailesiyo sindikudziwako."

"Limenelo si vuto," anatero amayi, akuimirira. "Ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo wa mwana wangayu. Amakhala kuseri kwa tchalitchi, si patali. Tipite tonse, ine ndikufuna ndimve ndi makutu anga."

Anaika dzanja paphewa la Nambawani.

"Samba m'manjamo, uvale nsapato. Utitsogolere."